Zolembedwa Pansi pa Mipando

Aphunzitsi anatsegula zithunzi zanga pa kompyuta n'kuyamba kuzidutsa chimodzichimodzi. Sofa yofiira, achimwene ataimirira pambali pake. Mipando ya patebulo lodyera, achimwene atagwira umodzi paphewa ngati akuufunsira mbeta. Benchi ya kuchipatala cha mano, achimwene atakhalapo, mwendo pamwamba pa unzake. Zithunzizo zinalipo 43, ndipo chilichonse chinali ndi mimba yomweyo, malaya a mizeremizere omwewo, mano onse pamtunda.

"Mayi," anatero aphunzitsiwo, "ntchitoyi ndi yokongola. Koma inuyo muli pati?"

"Ine ndi amene ndimajambula."

"Ndiye oona zimenezi akanena kuti bambo awa amadziwa kukuta mipando, ndipo inu mumadziwa kujambula."

Kalasi yonse inafa ndi phwete. Inenso ndinaseka nawo.

M'kalasi imeneyo tinalimo anthu khumi ndi anayi, tonse a imvi kapena oyamba imvi: amakanika, osoka zovala, wowotcherera zitsulo, mayi wina wophika makeke. Anthu oti ntchito ili m'manja koma pepala tilibe. Koleji inatsegula njira yoti munthu wotere asayambirenso sukulu ngati mwana, koma asonkhanitse umboni wa zimene waphunzira pa moyo wake n'kuuika pa intaneti. Iwo amati potifoliyo. Ine ndinkangoti chikwama, chifukwa ndi mmene anatifotokozera tsiku loyamba: chikwama chakochako, chotsekedwa ndi mawu achinsinsi, choti uziponyamo zithunzi, mavidiyo ndi zolemba zako kufikira tsiku limene udzasiye kuphunzira. Akuluakulu a koleji akachitsegula n'kukhutira, amakupatsa satifiketi.

Satifiketiyo sindinkaifunira kukongoletsa khoma ayi. Koleji yomweyo inkafuna munthu woti aziphunzitsa amayi kukuta mipando kawiri pa sabata, ndipo chikalata cha pa bolodi chinanena mosabisa kuti wopanda pepala asadzivutitse. Ndinachiwerenga katatu nditaimirira. Zaka 22 ndakhala kuseri kwa shopu ya achimwene, ndikudula siponji, ndikukoka nsalu, guluu akundikanda m'mphuno, ndipo palibe kasitomala ankadziwa kuti kuseriko kuli munthu. Ntchito imeneyo ndinaifuna kuposa chilichonse chimene ndinafunapo chimwalirireni amuna anga.

Anzanga atatuluka, aphunzitsi anandiitanira pambali. Ndi mayi wamng'ono kwa ine, wosachedwa kuseka komanso wosazungulira ponena zinthu.

"Pakufunika ziwiri," anatero. "Choyamba, umboni woti mwakhala mukuphunzira. Mipando yomalizidwa siinena kanthu. Tikufuna tione pamene munalakwitsa, ndi chimene munasintha mutalakwitsapo. Chachiwiri, fomu iyi isainidwe ndi munthu amene wakhala akuona ntchito yanu."

"Bwanji mundijambule ndikusoka? Ndibwera ndi makina."

"Zimenezo zingoonetsa za lero. Nanga zaka 22 zija zili kuti?"

Nthawi yotumiza zikwama inkatha Lachisanu 12 koloko masana, ndipo ili linali Loweruka.

Lolemba ndinafika kuntchito fomu ili m'thumba la epuloni. Shopu yathu ili ndi zipinda ziwiri. Chakutsogolo n'chowala, muli masofa okutidwa ndi pulasitiki, kalilole wamkulu ndi tebulo la achimwene. Chakuseri ndi changa: siponji younjikidwa mpaka kudenga, makina osokera, mafelemu a matabwa, fumbi ndi kazenera kamodzi. Mpando umalowa kwa ine uli mafupa okhaokha, n'kutuluka utavala. Ukatero achimwene amautembenuza, kuukhomera kansalu kakuda kotseka pansi, kuutembenuzanso, n'kundiitana kuti ndiwajambule. Ntchito yawo pa mpando uliwonse ndi ya mphindi zisanu, kuphatikizapo kupesa tsitsi.

"Achimwene, pali fomu yoti musaine."

"Ya chiyani?"

"Yoti ntchito yanga mumaidziwa."

"Ndikasaina?"

"Ndipeza satifiketi."

"Ukapeza satifiketi?"

"Ndizikaphunzitsa ku koleji."

"Basi, wadziyankha wekha." Anaikankha fomuyo ndi chala chimodzi mpaka inafika m'mphepete mwa tebulo. "Mlongo, pa msinkhu wakowu ukufuna uziyenda ndi choko m'manja? Ukusowa chiyani pano? Ndinakuthamangitsapo? Ndinakukalipirapo pa anthu?"

"Pa anthu simunganditukwane, poti anthuwo sadziwa n'komwe kuti ndilipo."

"Iwe, pakamwa!"

"Musaina kapena ayi?"

"Sindisaina. Ndipo sofa ya aloya ija akuifuna mawa."

Ndinalowa kuseri n'kumenyetsa chitseko. Ndinakwiya, sindibisa. Sofa ya aloyayo inakhaula tsiku limenelo: ndinaikoka malamba ogwira siponji kunsi mpaka felemu inalira. Nditamaliza, dzanja linapita lokha kumutu, kusolola pensulo imene ndimabaya m'tsitsi, n'kuyamba kulemba pa thabwa la mkati. Ndinalemba deti. Ndinalemba kuti, "Usamakoke malamba uli wokwiya, felemu imapindika." Ndiye pensulo inaima yokha.

Khalidwe limeneli ndinaliyamba kalekale. Chaka changa choyamba ndinali ndi kope lolembamo zimene ndaphunzira, koma achimwene ankalithothola masamba n'kumalembapo miyeso ndi manambala a mafoni a makasitomala. Kope lachitatu litatha choncho, ndinati basi, ndizilemba pamene sangathothole. Kuyambira pamenepo mpando uliwonse wotuluka m'manja mwanga uli ndi deti ndi mawu awiri atatu pa thabwa la mkati, pamene palibe amaona: chimene mpandowo wandiphunzitsa, chimene ndalakwitsa, chimene ndisadzabwerezenso. Sindinkalembera munthu. Ndinkangoona kuti ndikalemba, chinthucho chimakhala m'mutu.

Ndiye kuti umboni umene aphunzitsi ankaufuna unalipo. Anthu ankaukhalira.

Mpando uliwonse ndimaudziwa kumene unapita, ngati mayi ndi ana ake okwatiwa. Ndinalonga m'chikwama chochotsera masitepulo, sitepula, sizasi, mpukutu wa nsalu yakuda ndi foni, n'kudutsa kutsogolo.

"Mawa, mkuja ndi Lachinayi sindibwera."

"Ukupita kuti?"

"Kukaona ana anga."

"Ana ako ali pa ntchito zawo."

"Enawo," ndinatero, n'kutuluka.

Lachiwiri linayamba moipa. Kuchipatala cha mano anandiuza kuti benchi ija anaitaya chaka chatha n'kugula mipando ya pulasitiki. Kunyumba yachiwiri ndinapeza anthu ena, eni ake anasamuka ndi katundu yense. Kwachitatu galu sanandilole n'kufika pageti pomwe. Dzuwa lili paliwombo ndinali nditayenda mpaka zidendene kuwawa, m'foni mulibe chithunzi ngakhale chimodzi. Ndinakhala pakhonde la sitolo ina, kumwa madzi, n'kudzinena ndekha kuti iwe mayi, ukabwerera ukakhala kuseri kuja mpaka adzakutulutse chogona. Ndinanyamuka.

Kusaluni ina kuli sofa ya maluwa imene ndinaikuta m'chaka changa chachitatu. Mwini saluniyo ndi mayi wathupi, wa mawu omveka mpaka tsidya la msewu. Nditawafotokozera, anaika chipeso pansi n'kugwira m'chiuno.

"Mukuti mugubuduze sofa yanga, muing'ambe, kuti muijambule kumatako?"

"Nditsekanso bwinobwino. Ndipo malamba ake atha mphamvu, ndaona mmene mayi awo amirira atakhalapo. Ndikumangirani."

Mayi amene anamirayo anavomereza kuti n'zoona, pokhala umakhala koma podzuka umafuna wokukoka. Basi nkhani inatha. Tinaigubuduza anthu atatu, makasitomala a mapini m'mutu akuonerera. Pansi panagwa ndolo imodzi, zipeso ziwiri ndi fumbi la zaka zambiri. Ndinagwada, kuzula masitepulo, kukanganula kansalu kakuda, n'kuyatsa tochi ya foni.

Mawu anga analipo, pensulo yake yosafufutika: "Nsalu ya maluwa usaidule usanaone kumene maluwa akuloza. Khushoni yapakati maluwa aima chadodolido."

Koma munsi mwake munali mawu ena, a cholembera chofiira, zilembo zikuluzikulu zopendekera kumanzere: "Ndaona. Kasitomala sanaone. Usabwerezenso." Kenako deti, ndi siginecha yokhotakhota imene ndingaizindikire ngakhale mumdima.

Ndinakhala pansi pomwepo, matsitsi a anthu akundimatirira ku siketi.

"Mwapeza njoka?" anafunsa mwini saluni.

"Ndapeza achimwene."

Anasuzumira, kuwerenga mokweza, n'kuthamangira kukatenga khushoni yapakati. Anaitembenuza uku ndi uku. "Ha! Zoonadi! Zaka zonsezi ndikukhalira maluwa oyang'ana pansi!" Saluni yonse inaseka, ena mpaka misozi. Ine ndinajambula, n'kubwereza kanayi kuti zilembo zioneke. Ndinali nditaiwala chinthu chapoyera: womaliza kuona thabwa limenelo, asanalitseke ndi kansalu kakuda, anali achimwene. Pa mpando uliwonse, zaka zonsezi.

Kuchokera pamenepo miyendo inasiya kudandaula. Ndinaphunzira kalankhulidwe kake: usayambe ndi zong'amba, yamba ndi zoti mpando wawo ukulira ndipo waubweretsera mankhwala. Ena anandipatsa tiyi, ena anaima pamutu panga kuopa kuti ndiwabera masipuling'i. Bambo wina anakana kwamtuwagalu, koma akazi awo anandiitana ndili pageti, amuna awo atalowa kubafa. Ndinatsegula mipando m'maofesi, m'chipinda chodikirira cha pagalaji, m'mabalaza a anthu amene sankadziwa kuti ndine ndani. Pena chiswe chinali chitadya theka la mawu. Pena munalibe chofiira chilichonse, mwina tsiku limenelo achimwene anali pa changu. Koma pambiri chinalipo.

Pa mpando wa chaka chachinayi ndinalemba kuti, "Siponji yolimba iyambe pansi, yofewa pamwamba. Ine ndasemphanitsa." Iwo anayankha kuti, "Ndinakuuza." Bodza lenileni, sanandiuzepo.

Pa wa chaka chachisanu ndi chiwiri ndinalemba za ngodya, kuti nsalu uipinde kaye usanakhome, usakhome kenako n'kumailimbana nayo. Iwo: "Tsopano wayamba kumva."

Pa mpando wachikopa wa mu ofesi ina ndinalemba kuti, "Chikopa sichikhululuka. Singano ikaboola, yaboola. Yesa kaye pa kachidutswa." Munsi mwake, ndi zilembo zing'onozing'ono ngati akunong'ona: "Msoko uwu ine sindingauthe."

Ndinauwerenga kawiri. Munthu amene pakamwa pake sipanatulukepo mawu akuti wachita bwino, ngakhale mwangozi! Ndinkasangalala, ndinkapsanso mtima, zonse pamodzi, moti mlembi wa mu ofesimo anandifunsa ngati ndili bwinobwino.

Lachitatu madzulo, dzuwa likupendeka, ndinafika kwa anamwino ena opuma ntchito. Mpando wawo ndinkauopa, ndipo ndinauika kumapeto dala. Ndinaukuta patangotha masabata atatu amuna anga atamwalira. Za ntchito ya masiku amenewo sindikumbukira kanthu, ndimangokumbukira kuti ndinkafika, kukhala pa makina, n'kuweruka. Anamwinowo anandithandiza kuugoneka chammbali, n'kupita kukatereka madzi.

Pa thabwa panali deti, ndi mawu anga osaoneka bwino: "Lero sindinaphunzire kanthu."

Ndipo chofiira chija: "Malamba unaiwala kumanga. Ndamanga. Wabwera kuntchito, n'zokwanira."

Ndinalira. Ndinalira pabalaza la eni ake, nditagwada, chochotsera masitepulo chili m'manja. Anamwino anabwera ndi kapu, kundiyang'ana, kuyang'ana thabwalo, n'kungoika dzanja pamsana panga. Nditatha ndinapukuta m'maso, kujambula, n'kuyesa malambawo ndi chala. Anamangidwa mokhota, mmene amamangira munthu amene sanagwire ntchitoyo kwa nthawi yaitali, koma anagwira zaka khumi ndi chimodzi.

Lachinayi ndinatandala m'chipinda cha makompyuta ku koleji. Mipando inakwana 17. Aphunzitsi anandionetsa kasamutsidwe ka zithunzi kuchoka m'foni, ndi kasanjidwe kake motsatira madeti, kuti woona ayambe ndi maluwa a chadodolido n'kumakwera. Pansi pa chithunzi chilichonse pankafunika ndilembe chimene ndinasintha pambuyo pake. Ine pa kompyuta ndimalemba ndi chala chimodzi, ndipo chilembo chilichonse ndimachita kuchisaka, koma sindinalole kuti andilembere. Kawiri konse intaneti inathawa ndili pakati. Kamodzi ndinafufuta ndekha ndime yonse, n'kutukwana mokweza mpaka amakanika a m'kalasi mwathu, amene ankalimbana ndi vidiyo yawo pakona, anati, "Mayi, mawu amenewo ndi athu a kugalaji, mwawatenga kuti?"

Zithunzi 43 za achimwene ndinazichotsa n'kusiya zitatu.

Aphunzitsi anawerenga zonse kuyambira pamwamba. Atafika pa mpando wa anamwino anavula magalasi.

"Izi ndi zimene timafuna," anatero. "Sindinaonepo chikwama chotere. Koma ndisakunamizeni, mayi. Zofiirazi akhoza kulemba wina aliyense, ngakhale inu nomwe. Popanda fomu ija, yosainidwa ndi mwini dzanjali, akuluakulu akhoza kuchibweza. Ndiponso apa," analoza kabokosi kopanda kanthu pamwamba pa tsamba, "pakufunika chithunzi cha mwini chikwama."

"Ndikapanda kupeza siginecha?"

"Mutumizebe. Koma mwayi uchepa."

"Nditumiza," ndinatero. "Ndipo siginecha ndiipeza."

Lachisanu ndinafika ku shopu 7 koloko. Achimwene anali atafika kale, zimene sizichitika. Kuseri chitseko chinali chotsegula, ndipo pa makina panga panali nsalu ya kasitomala yosokedwa mzere umodzi wokhotakhota, ulusi utapotana pansi. Ndinaika foni patebulo pawo, chithunzi cha kusaluni chili chotsegula.

Anaiyandikitsa kumaso, kuitalikitsa, kuiyandikitsanso. Kenako makutu awo anasuntha, mmene amachitira akagwidwa.

"Unakatsegula mipando ya anthu?"

"Khumi, isanu ndi iwiri."

"Ndiwe wamisala iwe. Makasitomala anga aziti chiyani?"

"Akuti zikomo. Ndawamangira malamba." Ndinasuntha chithunzi ndi chala. Chikopa. Ngodya. Mpando wa anamwino. Pamenepo anatembenuza foniyo chafufumimba.

"Zimenezo sizinali zoti iwe uwerenge."

"Nanga munkalembera ndani? Chiswe?"

Anayamba kusanjasanja mapepala a patebulo, ine n'kupitiriza.

"Achimwene, inu pakamwa panu ndi wailesi. Mumayankhula ndi makasitomala, ndi oyendetsa malole, ndi mphaka wa pa sitolo yoyandikana nayo. Zaka 22 ndili pakhomo ilo, masitepe asanu kuchoka pa tebulo lanu. Chinakuvutani n'chiyani kungoti mlongo, apa wachita bwino?"

"Ukanakula mtima."

"Ndiye munaona kuti bola akule mtima ndi matabwa?"

Anaseka pang'ono osafuna, n'kusiya. Anayang'ana ku chitseko cha kuseri, kumene kunali nsalu yawo yokhotayo.

"Dzulo ndinayesa," anatero motsitsa mawu. "Ulusi ndinaulowetsa m'singano patatha theka la ola. Maso anapita, mlongo. Ndiponso ngakhale ali bwino, iwe unandipitirira kalekale, ndinalemba ndekha, waona. Ukachoka, pano patsala chiyani? Mimba ndi sitepula."

Anandimvetsa chisoni, sindikana. Ndi achimwene anga, ndi amene anandiphunzitsa kugwira sizasi, ndi amene anandimangira malamba tsiku limene ndinalibe mutu. Koma chisonicho ndinachimva n'kuchisiya pomwepo, sichinasinthe kanthu.

"Ndizipita Lachiwiri ndi Lachinayi. Masiku enawo ndili pano. Pakatha chaka ndidzakubweretserani amayi awiri odziwa kupinda ngodya, mudzawalembere zofiira zanuzo mpaka cholembera chithe. Koma mumve bwino, achimwene: ngakhale akanati masiku onse, ndikanapita. Fomu iyi musaine, musasaine, 12 koloko isanakwane ndidina batani lotumizira."

Ndinaiyala patebulo, kuisalaza ndi dzanja, n'kuima.

Kasitomala wina anasuzumira pakhomo, achimwene anamuuza kuti abwere masana, chinthu chimene sindinachionepo. Kenako anatenga cholembera cha patebulo, kuchiyesa pakona ya nyuzipepala, sichinalembe. Anachigwedeza, sichinalembe. Anapisa m'thumba la malaya n'kutulutsa chofiira.

Pa fomupo panali mzere wofunsa kuti mboni yakhala ikuona ntchito ya wophunzirayo kwa nthawi yaitali bwanji. Analemba, "Mpando uliwonse." Anasaina mokhotakhota muja, n'kundikankhira pepalalo ndi chala chimodzi, maso ali kwina.

Ndinaijambula fomuyo isanaume n'komwe. Ndikuti ndiike foni m'chikwama, anatambasula dzanja.

"Bweretsa kuno."

"Mukufuna mufufute?"

"Iwe, bweretsa. Pita ukaime apo, pa sofa ya aloya. Sanabwerebe kudzatenga."

Ndinapita. Sindinkadziwa poika manja. Ndinayesa kuwapinda, ndinayesa kuwabisa m'thumba la epuloni, mapeto ake ndinagwira sofayo paphewa ngati mmene amachitira iwo.

"Chotsa pensulo m'mutumo."

"Sindichotsa."

"Ndiye seka."

"Dinani, achimwene, nthawi ikutha."

"Ndidine pati?"

Zaka zonsezi za zithunzi, munthuyo sankadziwa podina. Ndinachita kuchoka pa sofa, kudzawaonetsa, n'kubwerera.

Ku koleji ndinafika 11 koloko itadutsa, thukuta lili kamukamu. Makompyuta onse anali ndi anthu, aliyense akuthamangitsana ndi nthawi, koma amakanika anandipatsa malo awo, akuti vidiyo yawo yalowa kale. Ndinaika fomu, ndinaika chithunzi m'kabokosi kaja, ndinawerenga zonse komaliza milomo ikuyenda. Kagudumu ka pa kompyuta kanazungulira, kanazungulira, ine nditagwira m'mphepete mwa tebulo. Kenako panatuluka mawu obiriwira oti zalandiridwa. Kunali kutatsala mphindi makumi awiri.

Yankho linabwera patatha masabata atatu, ndili kuseri ndikudula siponji. Satifiketi ndinaipeza, ndipo mwezi wotsatira anandiitana kukayamba ntchito. Ndili ndi amayi khumi ndi awiri, ena aakulu kwa ine, ndipo onse ali ndi pensulo. Chikwama chija sichinatsekeke. Mwezi uliwonse ndimaponyamo kanthu, chifukwa kuphunzitsa nakonso kwandilakwitsa zambiri, ndipo zolakwa zimenezo zilibe thabwa lozilembapo.

Tsiku lina aphunzitsi aja, amene tsopano timamwera limodzi tiyi, anatsegula tsamba langa n'kuyang'anitsitsa chithunzi cha pamwamba. N'chopendekera, mutu wanga wadulidwa pang'ono, ndipo pakona yakumanzere pali chinthu chachikulu chabulauni chotchinga mwendo wa sofa.

"Ichi n'chiyani?"

"Chala cha achimwene."

"Ha, bambo amenewa mpaka pano alowamobe? Bweretsani ndichidule, ndi kanthu ka sekondi imodzi."

"Ayi," ndinatero. "Chisiyeni pomwepo."